Phunziro la Sabata Ino: Nyenyezi Ija Sinagwe

Phunziro la sabata ino ndi lalitaliko pang'ono, ndiye ngati muli m'basi kapena pa msika, lisungeni, muliwerenge madzulo mutakhala pansi. Musanapitirire, tsegulani Baibulo lanu pa Yeremiya 10, muwerenge ndime 1 mpaka 5. Muime pa ndime 2. Pamenepo Mulungu akuletsa anthu ake kutengera mantha a mitundu yowazungulira, imene inkanjenjemera ikaona chachilendo chilichonse kuthambo.

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha.

Chaka china tinali pa overnight kuphiri. Cha m'ma 03 hours, mawu atatopa, ena atagwada, ena atafunda zitenje chifukwa cha mphepo, kuwala kunang'amba thambo kuchokera kum'mawa. Kunali ngati munthu wayatsa machesi n'kukoka mzere wautali, kenako zii. Mlongo wina anakuwa kuti, "Yesu wanga! Ndege!" Tonse tinadzambatuka. "Moto! Moto wa Mzimu Woyera! Back to sender!" Ine ndinali kutsogolo kwenikweni, dzanja m'mwamba. Sipanapite nthawi, kuwala kwina kunadutsa. Kenako kwinanso. Tinati lero ndiye atuluka onse, ndipo tinamenya nkhondo mpaka tambala kulira, mawu mpaka kusasa.

Kunali koyambirira kwa Meyi. Musunge mwezi umenewo, tibwererako.

Zikanathera kuphiri komweko, bwenzi lero ndikungoseka. Koma Sande yotsatira mlongo wina anandipeza titaweruka. Mwana wake anali atadwala masiku angapo. Anati, "Abusa, munaona kumene kunalowera moto uja? Ndi mbali ya kumudzi kwa apongozi anga. Manje ndadziwa." Apongozi akewo anali agogo amasiye, okhala okha, ndipo unga ndi shuga zimene ankadya zinkachokera m'nyumba ya mlongoyu. Mwezi umenewo sizinapite. Mwana uja atamuyeza ku kiliniki anamupeza ndi malungo, anamwa mankhwala n'kuchira. Koma dzina la agogo aja linali litaipa kale m'banjamo, ndipo panatenga nthawi yaitali kuti mwana wawo awaimbirenso foni.

Ine ndinathandizira zimenezo. Sindinatchule dzina la munthu, iyayi, koma ndinatsogolera anthu kudzudzula chinthu chimene sindinkachidziwa. N'chifukwa chake sabata ino ndikufuna tiphunzire chinthucho bwinobwino, chifukwa chikubweranso masiku omwe ano.

CHIMENE MUMAONA N'CHIYANI?

Timati nyenyezi yagwa, koma nyenyezi sigwa chonchija. Nyenyezi iliyonse imene mumaiona usiku ndi dzuwa. Dzuwa lathuli ndi nyenyezi, kungoti lili pafupi, ndipo ndi lalikulu moti dziko lapansi lingalowemo maulendo oposa miliyoni imodzi. Zinazo zimaoneka ngati timadontho chifukwa zili kutali koopsa. Yapafupi imene maso athu amaiona bwino ndi Alpha Centauri, imodzi mwa ziwiri zowala zija zimene zimaloza gulu looneka ngati mtanda kumwera. Kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 4 kuti kufike m'diso lanu. Chinthu chachikulu chotero chitati chigwere pa dziko, sipangatsale munthu woti anene kuti waona.

Chimene chimang'anima chija ndi fumbi. Fumbi chabe. Nthawi zambiri ndi kamwala kochepa ngati mchenga, kakakula ndiye ngati njere ya mapira kapena ya chimanga. Kamayenda mumlengalenga, dziko lathu n'kukumana nako, ndipo kamalowa mumpweya wathu pa liwiro lalikulu. Munapopapo tayala la njinga mofulumira, mukakhudza pampu n'kupeza yatentha? Mpweya ukapanikizidwa umatentha. Kamwala kaja kamapanikiza mpweya umene uli kutsogolo kwake mwamphamvu moti pamatentha zedi, iko n'kusungunuka n'kusanduka nthunzi, mpweyawo n'kuwala. Zonsezi zimatha mu sekondi imodzi, mwinanso osakwana.

Ndipo zimachitikira kutali. Ife timaona ngati moto wagwera kuseri kwa phiri, kapena kumudzi kwa uje, koma kamwalako kamapsa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 m'mwamba. Kuposa mtunda wa kuchoka ku Chipata kukafika ku Katete, mutauimiritsa chilili. Ndiye kuwala kumodzi komweko munthu wa ku Kafue amati kwagwera ku Chongwe, wa ku Chongwe amati kwagwera kwina. Aliyense ali ndi apongozi ake mbali imene kwalowera. Mwaona vuto lake?

NANGA FUMBILO LIMACHOKERA KUTI?

Apa ndi pamene nkhani imakoma. Pali zinthu zina zozungulira dzuwa zimene timazitcha nyenyezi za mchira, pa Chingerezi amati comet. Nazonso si nyenyezi zenizeni. Ndi chimulu cha madzi oundana osakanikirana ndi fumbi ndi miyala. Chikayandikira dzuwa chimayamba kutentha, madzi aja amasanduka nthunzi, fumbi n'kumatayika m'mbuyo. Ganizirani lole ya mchenga yobooka pansi imene imadutsa msewu umodzimodzi kwa zaka zambiri. Msewu wonse umadzala mchenga.

Yotchuka kuposa zonse ndi ya Halley. Edmond Halley anali wasayansi wa ku England. Mu 1705 anafufuza zolembedwa zakale n'kuona kuti nyenyezi ya mchira imene inaoneka mu 1531, ina ya mu 1607 ndi ina ya mu 1682, zinali chinthu chimodzi chomwe chimabwerera pakatha zaka pafupifupi 76. Ananena kuti chidzaonekanso cha mu 1758. Iye anamwalira mu 1742 asanaone ngati zinali zoona. Usiku wa Khirisimasi mu 1758, mlimi wina wa ku Germany, Johann Palitzsch, amene ankakonda kuyang'ana kuthambo, anaiona. Mlimi, abale, osati pulofesa. Inabweranso mu 1835, mu 1910 ndi mu 1986. M'chaka cha 1986 chimenecho chombo chotchedwa Giotto chinaiyandikira n'kuijambula, ndipo anapeza kuti phata lake ndi lotalika makilomita pafupifupi 15, lakuda bii ngati makala. Idzabweranso mu 2061. Ana athu a Sande Sukulu, Mulungu akawasunga, adzaiona ali ndi adzukulu.

Manje mvetserani. Iyo ili kutali, koma msewu wake wafumbi ulipo nthawi zonse, ndipo dziko lathu pozungulira dzuwa limadutsa mu msewu umenewo kawiri pa chaka. Koyamba ndi kumayambiriro kwa Meyi, makamaka usiku wa pa 5 ndi pa 6. Kachiwiri ndi mu Okutobala, cha pa 21 ndi 22. Masiku amenewo timiyala tambiri timalowa mumpweya wathu motsatizana, ndipo m'malo moona kung'anima kwa apo ndi apo, mutha kuona makumi angapo pa ola limodzi ngati kuli mdima wabwino. Azungu amati meteor shower, ngati kunena kuti mvula ya nyenyezi. Ya mu Meyi amaitcha Eta Aquariids, ndipo imaoneka bwino kuno kumwera kwa dziko kuposa ku Ulaya.

Ndi imeneyo tinkaidzudzula kuphiri kuja. Fumbi limene linatayika zaka mazanamazana zapitazo, agogo aja asanabadwe, ngakhale agogo a agogo awo.

Timiyala ta Halley ndi tothamanga maningi, makilomita 66 pa sekondi imodzi. Ulendo wa Lusaka mpaka Chipata, umene basi imayenda pafupifupi tsiku lonse, ito tingaumalize masekondi 10 asanakwane. N'chifukwa chake tina timasiya kamzere ka utsi wowala kamene kamatsala kaye kanthawi.

Wina afunsa kuti, kodi sikangandigwere pamutu? Ta mvula imeneyi ayi, timapsa tonse m'mwamba. Miyala ikuluikulu yochokera kuthambo imafika pansi nthawi zina, koma imeneyo ndi nkhani ina ndipo sichitika kawirikawiri. Amene mumapita kukaoda katundu ku Nakonde, kungodutsa Tunduma kulowa mu Tanzania, ku Mbozi kuli chimwala chachitsulo cha matani oposa 10 chimene chinagwa kalekale, ndipo anthu amapita kukachiona. Ku Namibia, pafupi ndi Grootfontein, kuli china chotchedwa Hoba cha matani pafupifupi 60. Zili phee pamalo pake, anthu amajambulitsa pamenepo.

SINDIKUTI NKHONDO YAUZIMU KULIBE

Ndikudziwa wina wayamba kale kung'ung'udza kuti abusa alowerera, ayamba za sayansi. Imani kaye. Aefeso 6 ikadali m'Baibulo langa. Mdani alipo, ndipo mpingo uno susiya kupemphera, kusala kudya kapena kumasula omangidwa. Koma Mulungu amene anatipatsa ulamuliro anatipatsanso mphatso ya kuzindikira mizimu, ndipo 1 Yohane 4 imatiuza kuyesa tisanakhulupirire. Msilikali amene amawombera chitsa chilichonse usiku, zipolopolo zimamuthera mdani weniweni asanafike. Choipa kwambiri, tsiku lina amawombera m'bale wake.

Tiganize pamodzi. Chinthu chimene asayansi amalemba tsiku lake pa kalenda zaka zambiri chisanachitike, chimene chimaoneka usiku womwewo ku Australia, ku Brazil ndi ku Petauke, chingakhale bwanji ndege ya munthu wa m'mudzi mwanu? Amene munali mu Lusaka pa 21 Juni 2001 mukukumbuka kadamsana uja, dzuwa litazima masana, mbalame n'kuyamba kubwerera kogona. Alendo anabwera kuchokera kumayiko akutali atagula matikiti miyezi yambiri m'mbuyo, chifukwa ola lake ndi mphindi yake zinali zodziwika kale. Anthu amatha kuwerengera zimenezi chifukwa Mlengi anaika dongosolo kumwamba ndipo salisintha. Genesis 1 imati zounikira zakumwamba anaziika kuti zizilekanitsa masiku, nyengo ndi zaka. Kwa ine, wasayansi akanena tsiku n'kuchitikadi, ndiye kuti wachitira umboni kukhulupirika kwa Mulungu, kaya iye mwini amapemphera kapena ayi.

Ndipo pa nkhani yoloza chala, tisamale. Lamulo lachisanu ndi chinayi pa Eksodo 20 limaletsa umboni wonama. Ngakhale lamulo la dziko lino, Witchcraft Act, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Amene amavutika ndi milandu yotere nthawi zambiri ndi akazi amasiye, omwe aja Yakobo 1 amatiuza kuti tiziwasamala, komanso okalamba ndi osowa wowalankhulira. Agogo sagona tulo chifukwa cha msana, atuluka panja usiku, kumwamba kwang'anima, basi mawa nkhani ili m'mudzi monse. Mkhristu asakhale woyambitsa nkhani yotero, ndipo asakhale woitumiza pa foni.

"NYENYEZI YANGA ANAIBA"

Pali chiphunzitso china chimene chafala masiku ano, ndipo sindichizemba. Munthu akuuzidwa kuti ali ndi nyenyezi yake kumwamba, adani anaiba kapena anaikwirira, ndiye abweretse chopereka chapadera kuti aibweze. Ena akaona kung'anima usiku mtima umagunda kuti mwina yagwayo ndi yawo, kapena kuti kwinakwake kwafa munthu.

Baibulo silinena paliponse kuti munthu aliyense ali ndi nyenyezi yake imene wina angaiike m'botolo. Nyenyezi ya pa Mateyu 2 inali yolengeza kubadwa kwa Mfumu imodzi, Yesu, ndipo Herode ndi asilikali ake onse sanathe kuikhudza. Nyenyezi 11 za Yosefe pa Genesis 37 zinali chithunzi cha m'maloto choimira abale ake, monganso mitolo ya tirigu m'loto loyamba. Palibe amene amati mtolo wanga wa tirigu unabedwa. Werenganinso Yesaya 40:26 ndi Salimo 147:4. Malemba awiri onsewa akuonetsa Mulungu amene amadziwa chiwerengero cha nyenyezi ndi dzina la iliyonse, ndipo Yesaya akuti palibe imene imasowa. Mukatuluka mawa lake mutaona mvula ya nyenyezi, muyang'ane: mtanda uja wa kumwera uli pomwepo, zonse zili m'malo mwake. Tsogolo lanu lili m'manja mwa Khristu, ndipo Yohane 10 ikutiuza za mphamvu ya dzanja limenelo. Ndalama ya lendi ikalipire lendi.

NANGA SI CHIZINDIKIRO CHA MAPETO?

Funso ili ndi labwino, chifukwa Ambuye Yesu pa Mateyu 24:29 analankhuladi za nyenyezi kugwa, ndipo Chivumbulutso 6 imatero. Si ife oyamba kufunsa.

Usiku wa pa 12 kucha wa pa 13 Novembala 1833, anthu a ku America anadzutsidwa ndi kuwala. Atatuluka anapeza thambo lonse likugwetsa moto ngati mvula, masauzande ambirimbiri pa ola limodzi. Akapolo m'minda ya thonje, eni minda, alaliki, onse anagwada. Ambiri analira, ena anaulula machimo amene anabisa kwa zaka, poganiza kuti tsiku lachiweruzo lafika. Kunja kunacha, dzuwa linatuluka monga mwa masiku onse. Mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Yale, Denison Olmsted, anasonkhanitsa malipoti a anthu amene anaona, n'kupeza kuti kuwala konseko kunkachokera pamalo amodzi kuthambo, pa gulu la nyenyezi lotchedwa Leo. Patapita zaka zinadziwika kuti linali fumbi la nyenyezi ya mchira yotchedwa Tempel-Tuttle, imene imabwerera pakatha zaka pafupifupi 33. Mvula yaikulu yotere inaonekanso mu 1866, komanso mu 1966.

Sindikuseka anthu a mu 1833. Ndikanakhalapo, nanenso ndikanagwada, ndipo amene analapa usiku umenewo sanataye kanthu. Koma muwerenge Mateyu 24 yonse, osati ndime imodzi. Kugwa kwa nyenyezi kumene Ambuye akunena kukubwera pamodzi ndi kuda kwa dzuwa ndi mwezi, ndi kuonekera kwa Mwana wa Munthu kumene mitundu yonse idzaone. Palibe amene adzafunike kuuzidwa pa WhatsApp. Ndipo pa ndime 36 Ambuye akunena momveka kuti tsikulo silidziwika kwa munthu kapena mngelo. Chinthu chimene chimabwera pa 5 Meyi chaka chilichonse sichingakhale belu la tsiku limenelo. Khalani okonzeka mu Meyi, mu Juni ndi mu Janyuwale mofanana.

TSONO TULUKANI MUKAONE

Apa ndi pamene ndikufuna tifike. Kusiya mantha n'kwabwino, koma ndikufuna muchite choposa pamenepo: mudzuke usiku, mutuluke, muyang'ane. Pa Genesis 15, Abramu ali ndi nkhawa yosowa mwana, Mulungu sanamulankhulire m'hema mokha. Anamutulutsa panja usiku n'kumuuza kuti ayang'ane kumwamba. Davide analemba Salimo 8 ndi Salimo 19 ngati munthu amene anagonapo kubusa thambo lili pamwamba pake. Ife a m'tauni tinasiya. Timadziwa zonse zochitika pa Facebook koma mwana wathu sanaonepo Mlalang'amba.

Nyengo ino yatikomera. Mvula yatha, mitambo yachepa, utsi wa moto wa m'tchire sunachuluke. Pamalo pamene fumbi la Halley limaoneka ngati likuchokera pamatuluka kum'mawa cha m'ma 02 hours, ndipo nthawi yabwino ndi kuyambira 03 hours mpaka cha m'ma 05 hours, kusanayambe kuyera. Madzulo musadzivute, simuona zambiri. Chifukwa chake n'chosavuta. Basi ikamathamanga usiku, tizilombo timafera pa galasi lakutsogolo, osati lakumbuyo. Dziko nalonso likuthamanga pozungulira dzuwa, makilomita 30 pa sekondi, ndipo mbandakucha ife timakhala mbali ya kutsogolo. Amene mumadzuka pa mapemphero a m'mawa, ola lake ndi lomwelo. Simufunikanso alamu ina.

Simufuna makina alionse, maso anu akwana. Pezani malo amdima, kutali ndi getsi la pakhonde. Ngati malaiti apita usiku umenewo, kamodzi kokha musadandaule, mwapatsidwa thambo laulere. Amene muli kumunda kukolola chimanga, inu ndiye mwadala kuposa ife tonse. Yalani mphasa, mugone chagada, miyendo kuloza kum'mawa, muyang'ane thambo lonse, osati malo amodzi. Kuyang'ana mutaimirira kumapweteka khosi ndipo mugonja msanga. Fundani bulangeti, mphepo ya Meyi mbandakucha siseka ndi munthu, ndipo udzudzu sunathe. Mbaula ikhale patali, kumbuyo kwanu, chifukwa kuwala kwa makala kumasokoneza maso. Ngati mwezi uli kumwamba nthawi imeneyo, khalani poti nyumba kapena mtengo uutchinge. Mwezi ukakhala waukulu mudzaona zowala kwambiri zokha.

Ndiye chovuta kuposa zonse: foni imene mukuwerengerapo uthengawu, muiike m'thumba. Maso amafuna mphindi 20 mpaka 30 mumdima kuti atseguke bwino, ndipo kungoyang'ana pa foni kamodzi mwabwerera poyambira. Musavutike kujambula, foni wamba sigwira, mudzangotsala ndi chithunzi chakuda. Ndikudziwa ena mphindi 30 popanda foni ndi kusala kudya kwenikweni. Muyese.

Muyembekezere kudikira. Pakhoza kupita mphindi 10 popanda kanthu, kenako ziwiri kapena zitatu motsatizana. M'komboni, pamene magetsi ndi ambiri, mwina muona zochepa chabe pa ola. Musakhumudwe. Pamene mukudikira, pamwamba penipeni pa mutu wanu padzakhala Mlalang'amba, mkanda woyera uja wooneka ngati utsi, umene ndi nyenyezi zambirimbiri zosawerengeka. Ana muwauze kuti zoterezi ndi zimene Abramu anauzidwa kuti awerenge.

Mukaona zingapo, yesani kutsata m'mbuyo kumene iliyonse yachokera. Mudzapeza kuti mizere yake ikukumana pamalo amodzi kum'mawa, monga anapezera Olmsted. Kunena zoona timiyalato timayenda mofanana, mbali imodzi, koma timaoneka ngati tikuchokera pamodzi monga njanji ziwiri za sitima zimaoneka ngati zakumana kutsogolo.

Si chowala chilichonse chimene chili mvula ya nyenyezi, ndiye tisiyanitse kuti tisayambenso kukuwa. Kadontho koyenda pang'onopang'ono, mowongoka, kosaphethira, kotenga mphindi zingapo kudutsa thambo, ndi setilaiti. Kowala kwambiri kotero kangakhale International Space Station, imene ili makilomita pafupifupi 400 m'mwamba ndipo mumakhala anthu, imazungulira dziko pa mphindi 90 zilizonse. Mukaona timadontho tambiri tandondozana ngati sitima, amenewo ndi masetilaiti a intaneti a Starlink amene angoponyedwa kumene. Chophethira mofiira ndi mobiriwira ndi ndege yeniyeni, ya anthu okhala ndi mapasipoti. Chowala pafupi ndi udzu ndi chiphaniphani.

Alongo ndi achinyamata, musapite nokha kutchire kapena kubwalo la mpira usiku. Pabwalo pa nyumba pakwana, kapena mugwirizane mabanja awiri atatu a mu cell imodzi. Muuzeko aneba masana kuti mudzakhala panja, kuti asadzakuoneni mutagona pa mphasa 03 hours n'kuyamba nkhani yomwe tikuithetsayi. Bwinonso muwaitane. Ndipo ngati muli ndi agogo pafupi, atengeni, muwafunditse bwino, akhale pakati pa adzukulu awo.

Chenjezo limodzi. Deuteronomo 4:19 imaletsa kugwadira dzuwa, mwezi ndi nyenyezi. Za m'mafilimu zija zoti ukaona nyenyezi ikugwa unene chokhumba chako, si zathu. Fumbi silimva. Za horoscope nazonso zisakukoleni chifukwa mwamva mayina ngati Leo ndi Aquarius. Amenewo ndi mayina chabe amene anthu akale anapatsa magulu a nyenyezi, monga Baibulo lathu pa Yobu 38 limatchula Nsangwe ndi Akamwiniatsatana. Pempho lanu lipite kwa Atate m'dzina la Yesu. Ikang'anima, "Aleluya" ndi wokwanira, koma motsitsa mawu, aneba ena ali ndi ana akhanda.

Kukachita mitambo pa 5, yesani pa 6 kapena pa 7, chifukwa mvula imeneyi imatenga masiku angapo. Zikakanika zonse, fumbi lomweli tidzakumana nalonso cha pa 21 Okutobala, likuoneka ngati likuchokera pafupi ndi Akamwiniatsatana. Ya mu Disembala, cha pa 13 ndi 14, yotchedwa Geminids, ndi imene imakhala yochuluka kwambiri, koma kuno nthawi imeneyo kumakhala mitambo ya dzinja, ndiye imafuna mwayi.

Pa cell ya sabata ino mukambirane mafunso awiri awa. Kodi m'banja mwanu alipo munthu amene anasalidwa chifukwa cha chinthu chimene wina anaona kapena kulota, popanda umboni? Nanga ndani ayenera kuyamba kumuimbira foni, ndipo liti?

Ana muwapatse ntchito yowerenga. Aliyense akhale ndi timiyala kapena njere za chimanga m'dzanja, ikang'anima aponye imodzi m'kapu. Kukacha muwerenge, mulembe nambala ndi malo amene munali, mubwere nazo Sande. Ndikufuna tione ngati a kumunda atiposedi ife a m'tauni.